Tsiku la 10 Malichi: Chivomezi cha ku Salima ndi Napolo wa ku Michesi

Mwezi wa Malichi uli ndi tsiku limodzi limene mwana aliyense wa sukulu m'Malawi muno amalidziwa, ndilo la 3 Malichi, pamene dziko limakumbukira anthu amene anaphedwa mu 1959 pomenyera ufulu. Koma m'mwezi womwewu muli tsiku lina limene silinalembedwe ndi inki yofiira pa kalendala, ngakhale kuti linagwetsa maliro kawiri motalikirana zaka ziwiri zokha. Tsikulo ndi 10 Malichi. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, ndipo madzi, matope ndi miyala zinakokolola anthu mazanamazana ku Phalombe, dera limene panthawiyo linali mbali ya boma la Mulanje. Pa 10 Malichi 1989 nthaka inagwedezeka ku Salima, nyumba zinagwa, ndipo anthu anafa.

Za tsoka la ku Phalombe, kuno ku Mulanje palibe wofunika kumukumbutsa. Ngakhale adzukulu amene anabadwa zaka zambiri pambuyo pake akangomva dzina lakuti Napolo, nkhani yonse amaidziwa. Koma akafunsidwa za chivomezi cha ku Salima, ambiri amabweza funso: kodi m'Malawi muno munachitikapo chivomezi chopha anthu? Chinachitika ndithu, ndipo kufikira lero ndicho chinapha anthu ambiri kuposa chivomezi china chilichonse cholembedwa m'mbiri ya dziko lino.

Poyamba pafunika mawu pang'ono pa dzina lenilenilo, pakuti ophunzira amakangana nalo. Ena amati chivomezi, ena amati chivomerezi. Onsewa ndi mawu a Chichewa ndipo amanena chinthu chimodzi. Amene anakula akuwerenga Buku Lopatulika la kalembedwe kakale amakumbukira kuti m'menemo mawuwa ankalembedwa kuti "cibvomezi". M'buku lomwelo mneneri Amosi anagwiritsa ntchito chivomezi ngati chizindikiro chowerengera zaka, monga momwe agogo a kuno ankawerengera zaka za ana awo kuyambira pa njala ya 1949. Chinthu chikakhala chachikulu, anthu amachisandutsa kalendala. Chivomezi cha ku Salima sichinalandire ulemu umenewo.

Chenjezo linabwera mbandakucha wa Lachinayi, pa 9 Malichi 1989, pamene chivomezi cha mphamvu pafupifupi 5.7 chinagwedeza dera la Salima. Chachikulu chinadza usiku wa tsiku lotsatira, Lachisanu, itatsala pang'ono kukwana 12 koloko. Akatswiri anayeza mphamvu yake ndi kupeza kuti inali pafupifupi 6.3, ndipo phata lake linali kufupi ndi boma la Salima, chakumpoto pang'ono, kudera la ku Chitala, kumene kuli malo ofufuzira za ulimi. Anthu osachepera 9 anafa, pafupifupi 100 anavulala, ndipo anthu okwana pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Nyumba zinawonongeka ku Salima, ku Dedza, mpaka ku Mchinji kumalire ndi Zambia. Kugwedezekako kunamveka m'madera ambiri a Malawi, ku Zambia, ndiponso m'zigawo za Tete ndi Niassa ku Mozambique.

Manambala amenewa ndi ouma, tsono ayenera kuvekedwa mnofu. Ola la pakati pa usiku ndi nthawi imene mudzi wonse uli m'nyumba, zitseko zili zopiringidza, nyali zazima, ana ali pamphasa m'mphepete mwa khoma. Munthu wodzidzimuka kutulo sadziwa kumene kuli khomo, ndipo chivomezi sichimupatsa nthawi yofufuza machesi. Ndiponso Malichi ndi mwezi wa mvula. Makoma a dothi amakhala atamwa chinyontho kwa miyezi itatu kapena inayi, maziko ali ofewa, udzu wa padenga uli wolemera ndi madzi. Amene nyumba zawo zinagwa kapena kung'aluka anayenera kugona panja m'nyengo ya udzudzu, m'dera la m'mbali mwa nyanja limene malungo sasowa. Chimanga chinali chisanakhwime m'munda, nkhokwe zinali zitapepuka, ndipo m'thumba munalibe ndalama yomangira nyumba ina. Chaka chomwecho madzi anali atasefukira kale m'madera ena a dziko lino, ndipo Malawi anali atanyamula katundu winanso wolemera, wosunga anthu mazana a zikwi othawa nkhondo ya ku Mozambique, ambiri a iwo ku Dedza, Ntcheu, Nsanje ndi kuno ku Mulanje. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata.

Nanga chifukwa chiyani tsoka lotere linaiwalika msanga? Mbali ina ya yankho ili m'nyengo imene linachitikira. Mu 1989, mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, dziko linali ndi wailesi imodzi yokha ya MBC, linalibe wailesi ya kanema, ndipo nyuzipepala zinali zowerengeka. Munthu wa ku Chonde kapena ku Muloza ankamva zimene wailesi yasankha kunena, basi. Panalibe foni ya m'manja yojambulira khoma logumuka ndi kutumizira abale. Patangopita miyezi iwiri, mu Meyi, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anafika m'dziko lino, ndipo ambiri akakumbukira 1989 amakumbukira ulendo umenewo.

Koma mbali yaikulu ya yankho ili m'chikhalidwe. Mtundu wa anthu umasunga zinthu zimene wazipatsa dzina, nkhope ndi nthano. Napolo ali nazo zonsezi. Makolo a m'dera la mapiri ano ankanena kuti Napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba phiri ndi kutsetsereka ndi madzi ndi miyala, kulunjika kunyanja, ndipo chilichonse chimene chili m'njira yake chimapita nacho. Anthu a ku Zomba anachiona mu Disembala 1946, pamene mvula yoopsa inagumula phiri la Zomba ndi kukokolola milatho ndi anthu, ndipo oimba anaipekera nyimbo nkhaniyo. Wophunzira wa masiku ano atha kuseka za chinjokacho, koma asaseke msanga. Mkati mwa nthanoyo muli lamulo la nzeru: njira imene Napolo anadutsa, munthu samangapo nyumba, pakuti adzadutsanso. Madzi saiwala khwawa. Nthanoyo inali mapu a malo oopsa, osungidwa m'mutu mwa anthu amene analibe pepala.

Chivomezi chilibe khwawa lotere looneka ndi maso. Sichibwera ndi mitambo yakuda kuti munthu athawire kumtunda, sichisiya mpita wa miyala woti agogo aziloza pouza adzukulu. Chimafika, chimagwedeza kwa kanthawi kochepa, chimapita, ndipo chingathe kukhala zaka makumi ambiri chisanabwerere pamalo omwewo. Tsoka silinunkha. Pofika nthawi imene chikubwereranso, amene anachiona choyamba ambiri amakhala ali kumanda.

Komabe chivomezi nacho chili ndi njira zake, kungoti zili pansi pa nthaka. Dziko la Malawi lili kumapeto a kum'mwera kwa chigwa chachikulu cha Great Rift Valley, chimene chimachokera ku Ethiopia ndi kudutsa maiko a kum'mawa kwa Africa. M'chigwa chimenechi nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, mbali ya kum'mawa ikutalikirana ndi ya kumadzulo ndi mamilimita ochepa chabe pachaka, liwiro losafika ngakhale pa kakulidwe ka chikhadabo. Nyanja ya Malawi, imene kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700 chakumpoto, ndi madzi amene anadzaza m'dzenje la kung'ambikako, ndipo mtsinje wa Shire umayenda m'chigwa chomwecho. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde ndi mboni zakuti pansipo pali ming'alu yozama. Matanthwe a mbali ziwiri za mng'alu amagwirana mwamphamvu kwa zaka mazana kapena zikwi, uku akukokedwa. Tsiku limene alephera kupirira, amatsetsereka mwadzidzidzi, ndipo kunjenjemera kwake ndiko kumafika pamwamba ngati chivomezi.

Apa pafunika kuwongola bodza lina limene limamveka kawirikawiri, lakuti phiri la Mulanje ndi phiri lophulika moto limene likungogona. Si choncho. Mulanje ndi thanthwe limene linazizira ndi kuuma pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo linaonekera pamene nthaka yofewa yolizungulira inakokoloka. Sapitwa, pa mamita 3,002, sadzalavula moto. Choopsa cha phirili ndi madzi ndi miyala yotsetsereka. Choopsa cha chivomezi chili m'ming'alu ya m'chigwa.

Chivomezi cha ku Salima chinadabwitsa akatswiri a sayansi ya nthaka pa chifukwa chimodzi: chinayambira pansi kwambiri, pafupifupi makilomita 32. M'zigwa zambiri zotere padziko lapansi, matanthwe a pakuya koteroko amakhala otentha ndi ofewa, osatha kuthyoka. Akatswiri awiri, James Jackson ndi Tom Blenkinsop, analemba za chivomezichi mu 1993, ndipo anaonetsa kuti pansi pa Malawi matanthwe ndi akale, ozizira ndi olimba mpaka pakuya kwakukulu. Kwa anthu a ku Salima kuya kumeneku kunali mwayi pang'ono, pakuti mphamvu inafika pamwamba itamwazikana. N'chifukwa chakenso kuwonongeka kunafalikira dera lalikulu chotere, kuchokera kunyanja mpaka ku Mchinji. Koma tanthauzo lake kwa dziko lonse silokondweretsa. Thanthwe lochindikala limatha kukhala ndi ming'alu yaitali ndi yozama, ndipo mng'alu waukulu umabala chivomezi chachikulu. Mu 1997 akatswiri omwewa anafotokoza za mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100, woyenda m'munsi mwa mapiri a Ntcheu ndi Dedza. M'malo ena umaoneka ngati chiphompho chotalika mamita oposa 10, chizindikiro chakuti kalekale nthaka inatsetserekapo koopsa. Mng'alu wotere ukanati utsetsereke wonse nthawi imodzi, chivomezi chake chingapose mphamvu ya 7.

Manambala a mphamvuwa amanyenga munthu amene sanawazolowere. Mwana wa sukulu angaganize kuti 7 aposa 6 pang'ono chabe, monga momwe mbuzi zisanu ndi ziwiri ziposera mbuzi zisanu ndi imodzi. Muyeso wa zivomezi suyenda motero. Kukwera ndi nambala imodzi yathunthu ndiko kuchulukitsa mphamvu pafupifupi ka 32. Motero chivomezi cha ku Rukwa, kum'mwera chakumadzulo kwa Tanzania, cha pa 13 Disembala 1910, chimene mphamvu yake inali pafupifupi 7.4, chinaposa cha ku Salima maulendo makumi angapo. Chinachitika m'chigwa chomwechi.

Patapita zaka 20 chichitikire cha ku Salima, nthawi ya Karonga inakwana. Mu Disembala 2009 zivomezi zinatsatana ngati mikanda: pa 6 cha mphamvu 5.8, pa 8 cha 5.9, pa 12 cha 5.4, ndipo usiku wa pa 19 kuchera pa 20 chachikulu cha 6.0, osawerengera ting'onoting'ono tambirimbiri tapakati. Anthu 4 anafa, mazana anavulala, nyumba zikwi zinagwa kapena kung'aluka, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti ku Karonga kwagwa tsoka lofunika thandizo la dziko lonse. Mosiyana ndi cha ku Salima, zivomezi zimenezi zinayambira pafupi ndi pamwamba, kotero kuti nthaka inang'ambika poonekera, pa mng'alu umene akatswiri anautcha dzina la St Mary's. Chimene chinapulumutsa ambiri n'chakuti zivomezi zoyambazo zinali zitawatulutsa kale m'nyumba. Pamene chachikulu chinkafika, mabanja ochuluka anali akugona panja chifukwa cha mantha.

Mfundo imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Munthu amene ali pabwalo, kutali ndi khoma, chivomezi chingamugwetse pansi ndi kumuchititsa chizungulire, koma kawirikawiri amadzuka ndi kusasa fumbi. Chimene chimapha ndi nyumba. Umboni wake uli pa zivomezi ziwiri za mphamvu yofanana ya 7.0. Choyamba chinachitika ku Machaze, m'chigawo cha Manica ku Mozambique, mu Febuluwale 2006, m'dera la midzi yotalikirana ndi nyumba zopepuka, ndipo anafa anali anthu owerengeka ndi zala. Chachiwiri chinachitika ku Haiti pa 12 Januwale 2010, kufupi ndi mzinda wa Port-au-Prince wodzaza ndi nyumba zolemera zomangidwa mosasamala, ndipo anafa anaposa 100,000. Nthaka inagwedezeka mofanana. Chimene chinasiyana ndi chimene anthu anali atasanjika pamwamba pake.

Tsono tiyeni tione nyumba. Nyumba ya makolo a kuno inkayamba ndi nsichi zozikidwa pansi mozungulira, zomangidwa pamodzi ndi mbaliro za nsungwi kapena timitengo, zonse zolukidwa ndi luzi. Pakati pankaima mzati, pamwamba pankadza mapaso ndi udzu, ndipo pomaliza amayi ankaphoma dothi ndi kuzira pansi. Denga lina ankalimangira pansi, nkulinyamula anthu ambiri pamodzi, ndipo m'menemo ndimo munachokera mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga. Nyumba yotere inali ngati dengu lalikulu lomatidwa ndi dothi. Nthaka ikagwedezeka, dengu limapendama ndi kubwerera. Dothi lingasweke ndi kuyoyoka, koma mitengo yomangidwa ndi luzi imagwirana, ndipo ngakhale itagwa, kulemera kwake si kwa njerwa. Makolo sanaimange motero poganizira chivomezi ayi. Anamanga ndi zimene nkhalango inawapatsa, ndipo chitetezocho chinangobwera ngati mphatso yapambali.

Palibe chifukwa choinamizira nyumba imeneyi ubwino umene inalibe. Chiswe chinkaidya, inkafuna udzu watsopano pafupipafupi, inali yamdima ndi yautsi, moto ukaigwira sinkachedwa kutha, ndipo inkadya mitengo yambiri imene lero kulibe. Munthu amene anasamuka m'nyumba yotere nkulowa m'nyumba ya njerwa ndi malata sanalakwe. Amishoni ndi eni minda ya tiyi atayamba kumanga ndi njerwa, ndipo amuna obwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Wankie atayamba kufika ndi ndalama za malata, nyumba ya makona anayi inasanduka chizindikiro cha munthu wolimbikira, ndipo ikadali choncho. Mitengo itayamba kusowa, kunadza nyumba za mdindo ndi za zidina, kenaka njerwa zootcha zinafalikira paliponse. Kulakwa sikuli pa njerwa. Kuli pa zimene zinatayika panjira posamukapo.

Chimene chinatayika ndi luzi. M'nyumba yakale chilichonse chinali chomangidwa ku chinzake. M'nyumba zambiri za njerwa za m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni mulibe chomanga chilichonse. Njerwa zimasanjikidwa ndi matope m'malo mwa simenti, chifukwa thumba la simenti ndi lodula. Khoma limakhala la njerwa imodzi yoonda, pofuna kuti uvuni umodzi ukwanire nyumba yonse. M'makona njerwa sizilumana bwino, kotero kuti makoma anayi amangoyandikana ngati alendo pa depoti ya basi. Pamwamba pa mazenera ndi zitseko palibe lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, amene amisiri amamutcha ring beam. Mazenera amakhala aakulu ndi oyandikira kukona, pofuna kukongola. Ndipo pamwamba pa zonse pamaima gebulo, khoma la nsonga lija, lalitali, losagwiridwa ndi kanthu kumbali. Kunja amapaka pulasitala ndi laimu, nyumba nkuwala ngati ya bwana. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Khoma lotere limanyamula bwino katundu wolipsinja kuchokera pamwamba, ndipo lingaime zaka 30 popanda vuto. Koma chivomezi sichipsinja kuchokera pamwamba; chimakankha cham'mbali, uku ndi uku. Pamenepo makona amatseguka, ming'alu imayambira pa ngodya za mazenera, ndipo gebulo ndiye amayamba kugwa, kaya kunja pa amene akuthawa, kaya mkati pa amene akugona. Ku Karonga zimenezi zinaonekera poyera, pakuti nyumba za njerwa zomangidwa ndi matope ndizo zinawonongeka kwambiri. Pambuyo pake, mu 2010, boma mothandizana ndi mabungwe monga Malawi Red Cross Society ndi UN-Habitat linakonza buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Malangizowo si a anthu olemera okha. Ambiri ndi a zinthu zimene mmisiri wa m'mudzi angathe: maziko ozama bwino pa nthaka yolimba, khoma lochindikala, njerwa zolumana m'makona, mazenera ochepa kukula ndi otalikira kukona, lamba wozungulira pamwamba, denga lomangiriridwa kukhoma, ndiponso denga lotsetsereka mbali zonse zinayi m'malo mwa gebulo. Denga la mbali zinayi limenelo, lokhala ndi khonde lozungulira loteteza makoma ku mvula, agogo ankalidziwa kale buku lisanalembedwe. Vuto ndi lakuti buku limakhala mu ofesi, pamene nyumba imamangidwa ndi mmisiri amene anaphunzira ntchito poponyera njerwa amalume ake.

Mlandu suyenera kugwera mmisiri yekha. Kawirikawiri iye amadziwa kuti lamba ndi wofunika, koma mwini nyumba, powerenga ndalama za mbewu zimene wagulitsa, amasankha chipinda chachinayi m'malo mwa lamba, chifukwa chipinda chimaoneka ndipo lamba amabisika m'pulasitala. Akanakhala kuti anamvapo kwa agogo ake za usiku wa ku Salima monga momwe anamvera za Napolo, kapena akanawerenga mwina. Munthu sawononga ndalama kutchinga chinthu chimene sanamvepo kuti chilipo.

Wina anganene kuti Salima ndi Karonga ndi kutali, ndi nkhani za anthu a kunyanja. Koma chigwa chija sichithera ku Mangochi. Chimapitirira ndi Shire, kudutsa kumadzulo kwa Zomba kumene kuli ming'alu ina, mpaka ku Chikwawa ndi Nsanje. Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena kuchokera ku Thyolo kupita ku Muona, anaona momwe mtunda umadukira mwadzidzidzi ndi kugwera m'chigwa. Kutsetsereka kumeneko ndi ntchito ya mng'alu wa Thyolo, wotalika makilomita makumi ambiri, umene akatswiri ofufuza m'zaka zaposachedwapa apeza kuti ukadali wamoyo. Boma la Thyolo ndi loyandikana ndi Mulanje. Mtunda wa pakati pake ndi waufupi kuposa wochokera ku Salima kufika ku Mchinji, kumene makoma anang'aluka mu 1989. Pa 8 Malichi 2018 chivomezi cha mphamvu pafupifupi 5.6 chinachitika kudera la Nsanje, kumalire ndi Mozambique, ndipo chinamveka m'maboma ambiri a chigawo cha kum'mwera. Anthu anathamangira panja, anaseka mantha awo, nkubwerera m'nyumba.

Kwa anthu okhala m'tsinde mwa phiri pali chinanso. Chivomezi champhamvu chikafika m'nyengo imene mapiri akhuta madzi, chimatha kugwedeza matanthwe ndi nthaka ya m'malo otsetsereka ndi kuziyambitsa ulendo. Zimenezi zaoneka m'maiko ambiri a mapiri. Pamenepo chivomezi ndi Napolo sizikhalanso nkhani ziwiri. Anthu a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre anaona mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, zimene mvula yokha ingachite pa mapiri amene mitengo yake inatha, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko lino.

Boma linaphunzira kanthu pa 10 Malichi wachiwiri uja. Tsoka la ku Phalombe, limene linachitika Lamulungu ndi kupha anthu pafupifupi 500, ndilo linachititsa kuti mu 1991 pakhazikitsidwe lamulo loyamba loona za kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kupereka thandizo, ndipo lamulo limenelo linagwira ntchito mpaka pamene lina latsopano linalowa m'malo mwake mu 2023. Phalombe anakhala boma palokha mu 1998. Pa 10 Malichi woyamba sipanatsale chikumbutso chotere. Chimene chinatsala ndi mapepala a akatswiri, olembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa kunja, amene mlimi wa ku Chitala sanawaonepo.

Kalembera wa 1987, zaka ziwiri chivomezi cha ku Salima chisanachitike, anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Anthu owonjezerekawo akugona m'nyumba zimene zambiri zinamangidwa pambuyo pa 1989, ndipo gawo la nyumba za njerwa lakula kwambiri kuposa kale. Chilimwe chilichonse, kuyambira ku Nkando mpaka ku Limbuli, utsi wa mauvuni umakwera m'mbali mwa msewu, zikombole zili pantchito, ndipo makoma atsopano amadzuka dzinja lisanafike. Woyenda pamsewuwo angathe kudziwerengera yekha, pa nyumba zimene sizinapakidwe pulasitala, kuti ndi zingati zili ndi lamba wa konkire pamwamba pa mazenera, ndipo ndi zingati zimene gebulo waima pa njerwa ndi matope okha, pamwamba penipeni pa chipinda cha ana.